Rauta ikapsa, masetingi ake ali kwa ndani?

Mvula ikayamba, amisiri a makompyuta m'mizinda yathu amadziwiratu kuti mafoni awo sakhala chete. Mphezi ikawomba usiku, kukacha pamakhala ofesi ina yomwe antchito akungoyang'anizana chifukwa intaneti yathima. Kabokosi kokhala pamwamba pa kabati kaja, kamene kamathwanima timagetsi tobiriwira usana ndi usiku, kapsa. Kugula kena si nkhani yaikulu. Ndalama ikakhalapo, pofika masana katsopano kamakhala kafika kale patebulo. Zinthu zimavuta mmisiri akafunsa kuti, "Bwana, backup ya masetingi muli nayo?" Abwana amatembenukira kwa mlembi, mlembi kwa wowerengera ndalama, mpaka wina akumbukire kuti zonse zidali mu laputopu ya mnyamata amene adaika netiweki, ndipo mnyamatayo adasiya ntchito kalekale.

Rauta ndi kachipangizo kotsika mtengo poyerekeza ndi zimene imasunga. M'kati mwake muli dzina ndi pasiwedi zolumikizira ku kampani yopereka intaneti, dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake, maadiresi opatsidwa kwa printa ndi makamera, malamulo onena kuti makompyuta a alendo asafike ku makompyuta owerengera ndalama, ndiponso njira yobisika yolumikiza likulu ndi nthambi ya kuboma lina. Kumalo ogulitsa intaneti ndi mavocha, mulinso mndandanda wa makasitomala ndi liwiro limene aliyense adalipira. Zonsezi sizidalembedwe tsiku limodzi. Zidaunjikana pang'onopang'ono m'zaka zambiri, vuto lililonse likusiya mzere wake, ndipo palibe munthu angazikumbukire zonse pamtima. Ine ndimaona kuti fayilo yosunga zimenezi ndi katundu wa ofesi mofanana ndi mabuku a ndalama, ndipo zimandipweteka kuti m'malo ambiri imakhala m'chikwama cha munthu mmodzi, kapena kulibiretu.

Funso limene anthu amafunsa kawirikawiri ndi losavuta kuyankha. Munthu wagula laputopu yatsopano ndipo akuda nkhawa kuti masetingi a rauta atsala mu yakale. Sanatsale. Masetingi amakhala mu rauta momwemo, m'kachipangizo kosunga zinthu kamene sikafufutika magetsi akathima. Kompyuta imangogwiritsidwa ntchito polowera. Mukalumikiza laputopu yatsopano n'kulemba adiresi ya rauta pa pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, mudzapeza zonse zili momwe mudazisiyira. Marauta ambiri a TP-Link amayankha pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, timarauta ta Huawei tolowetsa simu nthawi zambiri pa 192.168.8.1, ndipo a MikroTik pa 192.168.88.1. Manambalawa amafanana paliponse chifukwa m'chaka cha 1996 chikalata chotchedwa RFC 1918 chidapatula magulu ena a maadiresi kuti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi mokha.

Chimene chimatsaladi mu laputopu yakale ndi njira zolowera. Mmisiri wosamalira marauta makumi angapo sasunga maadiresi ndi mapasiwedi onse m'mutu. Pulogalamu ndiyo imamusungira. Ogwiritsa ntchito Winbox yakale ya nambala 3, pulogalamu yolowera mu marauta a MikroTik, ali ndi mndandanda wawo mu fayilo yotchedwa Addresses.cdb, yomwe imabisala mu foda ya AppData pa Windows, ndipo pulogalamuyo ili ndi Export ndi Import pansi pa Tools zosamutsira mndandandawo. PuTTY, pulogalamu yaulere imene Simon Tatham wa ku Britain adatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imanamiza anthu ambiri. Amakopera pulogalamuyo pa flash n'kuganiza kuti atenga zonse, koma akaitsegula pa kompyuta yatsopano amapeza mndandanda uli mbee. PuTTY siisunga maadiresi mu fayilo yooneka. Imawalemba mu registry ya Windows, pansi pa dzina la SimonTatham, ndipo kuti asamuke pamafunika kutulutsa gawo limenelo ngati fayilo ya .reg n'kulilowetsa kwinako. Makiyi a SSH olowera mu rauta mobisika, amene PuTTY imasunga ngati mafayilo a .ppk, amafunika kukoperedwa paokha.

Mafayilo awiri a MikroTik

Nkhani imakula pamene rauta yeniyeniyo ndiyo ikusinthidwa. Nditenge chitsanzo cha MikroTik, chifukwa ndi marauta amene makampani ang'onoang'ono opereka intaneti, masukulu ndi malo ogona alendo amakonda kwambiri mu Africa muno kaamba ka mtengo wake. Kampaniyi ili ku Riga, likulu la dziko la Latvia, ndipo idakhazikitsidwa mu 1996 ndi John Tully ndi Arnis Riekstiņš. Pulogalamu yake yoyendetsa marauta, RouterOS, idayamba ngati chinthu choika pa kompyuta wamba kuti isanduke rauta. Mabokosi awoawo a RouterBOARD adabwera mu 2002.

RouterOS imapereka njira ziwiri zosungira masetingi, ndipo kusadziwa kusiyana kwake kwawonongera anthu masiku ambiri a ntchito. Njira yoyamba ndi batani la Backup, limene limatulutsa fayilo yothera ndi .backup. Ndi batani losavuta, looneka msanga, n'chifukwa chake aliyense amathamangira pomwepo. Fayiloyi imatenga pafupifupi chilichonse, kuphatikizapo mapasiwedi a olowa mu rauta, koma munthu sangaitsegule kuti awerenge. Idapangidwira kubwezeretsa rauta yomwe ija imene idaitulutsa. Ili ngati suti imene telala adasoka atayeza thupi la munthu mmodzi: mbale wake akhoza kuivala, koma manja adzalendewera ndipo mabatani sadzakumana. Mukailowetsa mu rauta ya mtundu wina, mapoti amatha kusokonekera, Wi-Fi osayaka, ndipo nthawi zina simungathenso kulowamo. Ngakhale mu rauta ya mtundu wofanana imabwera ndi maadiresi a MAC a rauta yakale, omwe amayenera kukhala a chipangizo chimodzi chokha. Rauta yakale ikadzakonzedwa n'kubwezedwa pa netiweki yomweyo, zipangizo ziwiri zimayamba kulimbirana dzina limodzi, ndipo intaneti imangoduka n'kubwera popanda wodziwa chifukwa.

Njira yachiwiri ndi lamulo la export, limene limalembedwa pa terminal ndipo limatulutsa fayilo yothera ndi .rsc. Iyi ndi mawu wamba. Mukhoza kuitsegula ndi Notepad n'kuona mzere uliwonse: apa adiresi, apa lamulo la firewall, apa liwiro la kasitomala. Mukhoza kuchotsa mizere yosagwirizana ndi rauta yatsopano, kusintha mayina a mapoti, n'kulowetsa zotsalazo pang'onopang'ono. Ngati rauta yakale idali ndi mapoti khumi ndipo yatsopano ili ndi asanu, mumaona ndi maso anu pamene pavute musanalowetse kanthu. Fayilo imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira, chifukwa mmisiri wina amene sanaonepo netiweki yanu angathe kuiwerenga n'kumvetsa maganizo a amene adaimanga. Ngakhale ofesi itasankha kugula rauta ya kampani ina, fayiloyi imagwirabe ntchito ngati malangizo olembedwa.

Koma nayonso ili ndi mipata yake, ndipo ndi bwino kuidziwa lisanafike tsiku la mavuto. Export siitenga mapasiwedi a anthu olowa mu rauta, siitenga satifiketi za VPN (njira yobisika ija yolumikiza likulu ndi nthambi), siitenganso makiyi a SSH. Zimenezi zimatulutsidwa pazokha. Palinso kusintha kumene kudabwera ndi RouterOS 7, yomwe idakhazikika kumapeto kwa 2021. Pa RouterOS 6, export inkalemba mapasiwedi a Wi-Fi ndi a makasitomala poyera pokhapokha mutaiuza kuti ibise. Pa 7 imabisa yokha pokhapokha mutawonjezera mawu akuti show-sensitive. Mmisiri wozolowera zakale akhoza kusunga mafayilo kwa zaka ziwiri akuganiza kuti ali ndi zonse, n'kudzazindikira pa tsiku lobwezeretsa kuti malo onse a mapasiwedi ndi opanda kanthu. Pa 7 pomwepo, kalembedwe ka masetingi a BGP ndi OSPF, omwe amathandiza marauta kuuzana njira zodutsira mauthenga, kadasinthanso, moti fayilo yochokera pa 6 siingalowe yonse bwinobwino. Ndipo lamulo la import likakumana ndi mzere wolakwika limaima pomwepo, n'kusiya rauta itavala theka la masetingi. N'chifukwa chake amisiri odziwa amayamba afufuta masetingi obwera ndi rauta yatsopano, kenako n'kumalowetsa gawo limodzi panthawi, akuona ngati lalowa bwino asanapite pa lina. Nzeru yabwino ndi kusunga mafayilo onse awiri nthawi iliyonse, ndi kulemba tsiku komanso nambala ya RouterOS m'dzina la fayilo.

Marauta a Cisco, amene amapezeka kwambiri m'mabanki ndi m'mabungwe akuluakulu, adayamba kale kusunga masetingi ngati mawu owerengeka. Koma ali ndi khalidwe limene dziko lothimathima magetsi ngati lathu liyenera kulisamala. Rauta ya Cisco imakhala ndi masetingi awiri: amene ikugwiritsa ntchito panopa, running-config, ndi amene idzawerenge ikadzayakanso, startup-config. Chilichonse chimene mmisiri wasintha chimagwira ntchito nthawi yomweyo koma sichisungika mpaka atalemba lamulo lokopera oyambawo kupita ku achiwiriwo. Akaiwala, netiweki imayenda bwino mwezi wathunthu, kenako magetsi akathima n'kuyakanso, ntchito yonse ija imasowa. Potumiza masetingi ku kompyuta, ambiri amagwiritsabe ntchito TFTP, njira yakale imene malamulo ake aakulu ogwira ntchito lero adalembedwa mu 1992. Siifunsa pasiwedi ndipo siibisa kanthu panjira, choncho ndi yoyenera pa waya wamfupi wochoka pa rauta kufika pa laputopu, osati podutsa pa intaneti. Pa mtunda wautali pali SCP. Munthu akamata masetingiwo mu rauta yatsopano amadabwa kuti zonse zalowa koma palibe chikuyenda. Chifukwa chake n'chakuti mapoti a rauta ya Cisco amabwera otseka, ndipo lamulo lowatsegula la no shutdown silioneka mu fayilo yosungidwa. Makiyi a SSH nawo amafunika kupangidwanso.

Pali ena amene rauta yawo ndi kompyuta yeniyeni. Amatenga kompyuta yakale ya mu ofesi, n'kuwonjezera khadi lachiwiri la netiweki, n'kuikamo pfSense kapena OPNsense. Kwa amenewa, kusamutsa masetingi kupita ku kompyuta ina ndi ntchito imene imabwera ndithu, chifukwa makompyuta akale amatopa. Mwayi wawo ndi wakuti mapulogalamuwa adatengera nzeru ya Manuel Kasper wa ku Switzerland, amene mu 2003 adatulutsa m0n0wall ndi maganizo akuti masetingi onse azikhala mu fayilo imodzi. Chris Buechler ndi Scott Ullrich atayamba pfSense mu 2004 adasunga maganizo amenewo, ndipo OPNsense, imene kampani ya Deciso ya ku Netherlands idayambitsa mu 2015, idatero chimodzimodzi. Fayilo yake ndi config.xml. Mumaitulutsa pa tsamba la Backup, mumaika pulogalamuyo pa kompyuta yatsopano, n'kuilowetsa. Chopunthwitsa chimakhala chimodzi: makadi a netiweki amatchedwa mayina molingana ndi amene adawapanga. Khadi la Intel likhoza kutchedwa em0 kapena igb0, la Realtek re0. Kompyuta yatsopano ikapanda kupeza mayina akale imaima n'kufunsa kuti khadi liti ndi la kunja, liti ndi la m'kati. Ngati mwaisiya m'kabati yopanda sikirini ndi kiyibodi, idzadikira yankho mpaka mawa ofesi ili mumdima wa intaneti.

Chinsinsi chili m'fayilo

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi momwe mafayilowa amayendera. Amatumizidwa pa WhatsApp, amasiyidwa pa flash yomwe ija imapita kokasindikiza zithunzi, amakhala pa sikirini ya laputopu imene ana amaonerapo mafilimu. Komatu amene ali ndi fayiloyi ali ndi chithunzi chonse cha netiweki yanu pamodzi ndi zolowera zake. Mapasiwedi ena amene amaoneka ngati obisika si obisika konse. Pa Cisco, pasiwedi yolembedwa ndi nambala 7 kutsogolo kwake imamasulidwa m'kanthawi kochepa ndi timapulogalamu topezeka paliponse, ndipo Cisco eniake akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti njirayi cholinga chake n'kungotchinga maso a munthu woima kumbuyo kwanu. Mu config.xml ya pfSense zinsinsi zambiri zimawerengeka pokhapokha mutasankha kuitseka ndi pasiwedi poitulutsa. Winbox nayo ili ndi malo oika pasiwedi yaikulu yotsekera mndandanda wonse, koma ndi ochepa amene amaigwiritsa ntchito.

Zimene zidachitika mu 2018 zimasonyeza kuopsa kwake. M'mwezi wa April chaka chimenecho MikroTik idatseka chibowo mu Winbox chimene chinkalola munthu wakunja kutenga fayilo ya mapasiwedi mu rauta popanda kulowa. Mankhwala adatuluka msanga mu RouterOS 6.42.1, koma eni marauta ambiri sadawalandire. Pofika mu August, akatswiri a kampani ya Trustwave adapeza marauta masauzande ambiri, makamaka ku Brazil, atasandutsidwa zida zokumbira ndalama za pa intaneti kudzera m'makompyuta a makasitomala osadziwa kanthu. Patatha zaka zitatu, mu 2021, gulu la marauta ogwidwa lotchedwa Mēris lidagwiritsidwa ntchito pofuna kugwetsa masamba a Yandex ku Russia. MikroTik idafotokoza kuti ambiri mwa marautawo adali omwe aja adabedwa mapasiwedi mu 2018. Eni ake ena adaika pulogalamu yatsopano, koma sadasinthe pasiwedi, ndipo sadayang'ane ngati akuba adasiya malamulo awo m'kati.

Apa ndi pamene nkhani ya kusamutsa masetingi imakumana ndi nkhani ya chitetezo. Backup yotseka imabwezeretsa zonse mosasankha: pasiwedi yakale imene idabedwa, dzina lachilendo limene wina adadziwonjezera, kalamulo kobisika kodzuka usiku kukalandira malangizo kunja. Rauta imakhala yatsopano koma matenda ndi akale. Fayilo yowerengeka imakupatsani mpata woona zimenezi. Mukapeza mzere umene palibe amene akudziwa kuti udabwera bwanji, musausamutse. Tsiku losamutsa ndi tsiku labwino kwambiri lotaya malamulo a makasitomala amene adachoka, kutseka mapoti amene adatsegulidwira kamera yomwe idafa kale, ndi kusintha mapasiwedi onse.

Makampani akuluakulu nawo amagwa ndi masetingi. Pa 8 July 2022 kampani ya Rogers ku Canada, ikukonza netiweki yake, idachotsa lamulo limodzi losefa mauthenga a njira pakati pa marauta. Marauta aakulu adadzazidwa n'kukomoka, ndipo anthu oposa 12 miliyoni adakhala opanda foni ndi intaneti tsiku lonse. Makina olipirira m'masitolo adaima, ndipo ena adalephera kuimba nambala ya ngozi ya 911. Kukonza kudachedwa chifukwa amisiri ankadalira netiweki yomwe idagwayo kuti afikire marautawo. Vuto lomweli limagwera mmisiri wa ku Lilongwe amene akusintha masetingi a rauta ya ku Mzuzu ali pa desiki lake: mzere umodzi wolakwika umamutsekera kunja, ndipo chotsala ndi kukwera basi. Opanga marauta adaganizira zimenezi. MikroTik ili ndi Safe Mode, imene imabweza zonse zimene mwasintha ngati kulumikizana kwaduka. Pa Juniper, lamulo la commit confirmed limabweza masetingi akale pakatha mphindi khumi ngati simunatsimikize. Pa Cisco amisiri amalamula rauta kuti idziyatsenso pakatha mphindi zingapo, asanasunge zimene asinthazo, n'kudzaletsa lamulolo akaona kuti zonse zili bwino.

Mabungwe okhala ndi marauta ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu aulere monga RANCID ndi Oxidized, amene amayendera marauta onse paokha, kukopera masetingi ndi kusunga mbiri ya chilichonse chimene chasintha. Sukulu kapena chipatala chaching'ono sichifunika kufika pamenepo. Chofunika ndi mgwirizano womveka ndi mmisiri. Pomulemba ntchito, zilembedwe kuti akamaliza adzapereka mafayilo a masetingi, pasiwedi yaikulu ya rauta, zolumikizira zochokera ku kampani ya intaneti, ndi pepala losonyeza waya uti ukupita poti. Akasintha kanthu, aperekenso fayilo yatsopano. Ndikudziwa kuti amisiri ena amaumira zimenezi poopa kuti ntchito iwathawa, ndipo ena amatero chifukwa sadalipidwe ndalama zawo zonse, zomwe ndi zolakwa za mwini ofesi. Koma mmisiri wogwira ntchito bwino amaitanidwanso chifukwa cha ntchito yakeyo, ndipo ofesi imene yalipira ili ndi ufulu wosunga zake. Mafayilowo asakhale mu rauta momwemo, monga ambiri amachitira akadina Backup n'kuchokapo, chifukwa mphezi idzawatenga pamodzi ndi bokosilo. Akhale malo awiri osiyana, otsekedwa ndi pasiwedi imene anthu awiri odalirika akuidziwa.

Fayilo imene sinayesedwepo siidziwika ngati ikugwira ntchito. Ofesi imene ingakwanitse igule rauta yachiwiri ya mtundu womwewo, mmisiri ailowetse masetingi Loweruka masana antchito ataweruka, ailumikize m'malo mwa yakale, aone ngati printa ikusindikiza, ngati makamera akuoneka pa foni, ngati nthambi ikulumikizika. Zimene zasowa azilembe n'kuzikonza tsiku lomwelo. Kenako aichotse, aiike m'kabati kutali ndi mawaya a magetsi, italembedwa tsiku pamwamba.

Ndipo zakale zisatuluke pakhomo zili ndi katundu. Laputopu imene ikugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wantchito wina ifufutidwe yonse, chifukwa kuchotsa Winbox kapena PuTTY kokha kumasiya mndandanda wa maadiresi uli momwemo. Mu 2023 akatswiri a kampani ya ESET adagula marauta 18 ogwiritsidwapo kale ntchito pamsika, ndipo oposa theka la amene ankagwira ntchito adali ndi masetingi onse a makampani amene adawataya, kuphatikizapo zolowera mu VPN. Rauta yakale isanapite ku msika wa kaunjika wa zamagetsi, ibwezeretsedwe momwe idachokera kufakitale, mafayilo otsala m'kati mwake afufutidwe paokha, ndipo wina ayiyatsenso kuti aone ndi maso ake kuti mulibe kanthu.